Nkhope ya Mdulachingwe

Ati munthu wodula chingwe uja, amene wajambulidwa pakhoma la laibulale, ali ndi nkhope ya Sipoko wokonza njinga. Ati makutu ndi omwewo, kampata ka m'mano n'komweko. Nkhaniyi inayambira kuchigayo, n'kudzera kusaluni, ndipo pofika pashopu ya atelala inali itamera kale mapiko. Amene anasuzumira kuseri kwa matenti ophimba khomalo sankadziwika. Aliyense ankangoti, "Ndamva kwa wina, koma usanditchule."

Womalizira kumva anali mwini nkhani, monga zimakhalira. Ameneyu ndi Singano, mtsikana wosoka pashopupo, woonda ngati dzina limene anzake anamupatsa. Sipoko anali chibwenzi chake. Anamuuza ndi mnzake wosita, uku akuthira makala m'simbi, maso ali kumbali.

"Asisi, ine sindikonda zolankhulalankhula, mukundidziwa. Koma alamu athu ati atchuka."

Makina a Singano anaima pakati pa msoko.

Kuti mumvetse bwino, muyenera kudziwa za Owoloka. Imeneyi ndi ndakatulo yaitali ija, yaitali moti buku lake ukhoza kutsamira, yosimba momwe makolo a dziko lonse anawolokera mtsinje wosefukira atagwira chingwe chimodzi. Mwana aliyense amaloweza chiyambi chake kusukulu, ndipo akamachinena amaima njo, dzanja pamtima. Muli ngwazi, Msenzamoto, amene anawoloka moto uli pamutu osazima. Mulinso Mdulachingwe, amene atangoponda kumtunda anadula chingwe anthu ena asanawoloke. Abale, dzina limenelo si lamasewera. Munthu ukhoza kumunena galu, mawa n'kupatsana moni. Koma ukamunena Mdulachingwe, ndiye kuti mwadana mpaka ana anu.

Tsono bambo ake a Singano, amene aliyense amangowatchula kuti aPhunzitsi ngakhale anapuma ntchito kalekale, Owoloka yonse anali nayo pamtima. Akakwiya ankakalipa ndi ndakatuloyo. Akasangalala, yomweyo. Munthu akachoka pakhomo ankamuyeza nayo: uyu ndi wogwira chingwe, uyu ndi wodula. Ndiwonso anali wapampando wa komiti imene inalemba ntchito wojambula uja, a Penti, kuti aike nkhani yonse pakhoma. Loweruka anali oti akachotse matenti aja pamaso pa anthu n'kulakatula. Ndiye Lamlungu lake, mawa lake lenilenilo, ndi limene Sipoko anayenera kukaonekera kwa aPhunzitsi koyamba kuti akanene zoti akufuna mwana wawo.

Singano anayesa kupitiriza ntchito. Analumikiza mkono wa malaya chadodolido, n'kusomola, n'kulumikizanso molakwika. Anaimirira, anakhala, anamwa madzi asali ndi ludzu. Kenako anangoponya tepi patebulo n'kutuluka.

Singano anamupeza Sipoko pansi pa mtengo wake, atamiza chubu m'beseni kufunafuna poboola.

"Iwe, a Penti anakujambula?"

"Aa, wamva kale? Ndimafuna ukaonere pompo." Anaseka, kampata kaja poyera. "Ndili pakati penipeni, mwali. Bambo ako akandiona, Lamlungu sindivutika n'kulankhula."

"Anakuuza kuti utani pokujambulapo?"

"Anandipatsa chingwe. Ati gwira apa, ponda mwala uwu, cheuka ngati wina wakuitana."

"Dzanja linalo?"

"Anati ndikunge chibakera, adzaikamo okha kanthu."

"Kanthu! Mpeni, chitsiru iwe! Wacheuka kuona anthu amene wawasiya!"

Chubu chija chinayandama chokha. Sipoko anati kukamwa yasa. Iye Owoloka ankangodziwa chiyambi chija basi, ngati anthu ambiri. Sukulu anasiya kalasi isanafike pa zodula chingwe, ndiye ataona chingwe anangoti ndi iye wokoka anthu.

"Ndiye titani?" anafunsa ndi timawu tating'ono.

"Iwe khala pompo uzimata machubu," anatero Singano, ulendo.

A Penti anali pamakwerero kuseri kwa matenti, burashi ina kukamwa, ina kumanja. Bambo ameneyu ali ndi kajambulidwe kake. Sajambula munthu wa m'mutu. Amati nkhope za m'mutu mwake zonse zimatuluka ngati mazira. Ndiye amayenda mumsewu kubwereka nkhope: uyu mphuno, uyu chipumi, wina thupi lonse. Kulowa m'kati sanamulole Singano. Anangotulutsa mutu pampata wa tenti.

"Bambo, chonde, musinthe nkhope ija."

"Iti? Ndili ndi nkhope zambiri muno, mwanawe."

"Mukuidziwa."

"Khosi ngati lija ndilipeza kuti? Mnyamata uja akacheuka, mtima wako umachita kuti myu! Miyezi yonseyi ndakhala ndikufuna khosi limenelo."

"Mungomuika ndevu basi. Kapena chipewa."

"Chipewa mumtsinje?" Analavula burashi ija. "Tamvera. Akomiti anandiuza kuti ndakatuloyi ndi ya ife tonse, ndijambule anthu athu. Chabwino. Ngati wosenza moto ndi wathu, wodula chingwe ndi wa ndani? Wa oyandikana nawo? Koma poti walira, ndibweretsere nkhope ina yovomera yokha. Ikabwera Lachisanu lisanathe, ndifufuta."

Mmene anazungulirira Singano masiku amenewo, miyendo yake ndiyo ingasimbe. Anayamba ndi aButchala, poti amakonda kuonekera. AButchala anaseka mpaka kugwira mimba. "Ine? Mwana iwe, ine ndine Msenzamoto pakhomapo! Ndinasenza beseni pamutu tsiku lonse kuti andijambule." Anapita kwa mlonda wa pasitolo, amene nkhope yake ngakhale agalu amaiopa. Mlonda anati ali ndi ana kusukulu. Anapita kwa kondakitala wina wodziwika ndi kusiya anthu pasiteji. Uyo ndiye anakwiya zenizeni, ati mukundiyesa chiyani. Ngakhale chidakwa cha kuseri kwa msika, chimene chimavomera chilichonse, chinaimirira bwinobwino n'kunena kuti, "Ndine woledzera, mayi, koma dziko langa ndimalikonda."

Kunyumba nako kunalibe pothawira. APhunzitsi ankayeserera pabalaza, kuyenda uku ndi uku, ndodo m'manja.

"Tinagwira chingwe chimodzi,
wamkulu, wakhanda, wakhungu,
madzi m'khosi, moto pamutu!"

Singano ankangozengereza kuwauza. Tsiku lina anafika mpaka ponena kuti, "Bambo, kodi chithunzi chingathe kunamizira munthu?" Iwo osaima n'komwe anayankha kuti wojambula wabwino amaona zimene maso athu saona. Singano anakalowa kuchipinda n'kuluma pilo.

Lachisanu linadutsa. Nkhope sinapezeke.

Loweruka anthu anadzadza pabwalo la laibulale, ena chifukwa cha ndakatulo, ambiri chifukwa cha mphekesera. Singano anali atamuuza Sipoko kuti asabwere, adwale, apite kulikonse. Koma atacheuka anamuona kumbuyo, malaya ositidwa, manja m'thumba.

APhunzitsi anakoka chingwe cha matenti, matenti n'kugwa. Iwo sanayang'ane khoma. Anatembenukira kwa anthu n'kuyamba kulakatula, mawu ngati bingu. Anthu anayamba kufufuza nkhope. Uyo aButchala ndi moto pamutu, mimba itachepetsedwa. Uyo mayi wa kusaluni atabereka mwana. Kenako kamwana kena kanakuwa, "Sipoko uyo! Ali ndi mpeni!" Kuseka kunayamba. Sipoko sanathawe. Anangoima, makutu ake otchuka aja akuchita ngati afuna kupsa.

Koma kusekako sikunathere pamenepo. Kunakula. Zala zinachoka pa Sipoko n'kuloza kumapeto kwa khoma, kutsidya la mtsinje, kumene kunali anthu osiyidwa aja. Patsogolo pawo panali mkulu wina wa dazi, mtsempha wa pachipumi utatupa, chala m'mwamba, kukamwa kuli pululu. A Penti nkhope imeneyo sanachite kubwereka. Anangoitola pamisonkhano ya komiti, aPhunzitsi akamakalipa za kuchedwa kwa ntchito.

Mwamva? Pakhoma la laibulale, dzuwa likuswa mtengo, mkamwini akudula chingwe, apongozi ake atsala kutsidya!

APhunzitsi anacheuka kuti aone chimene chikuseketsa anthu. Anadziona. Anali atafika ndendende pamalo pamene ndakatulo imanena za osiyidwawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire, mawu anawathawa. Anayang'ana khoma, n'kuyang'ana pansi. Singano, amene mizere imeneyi anakula nayo ngati nyimbo yogonetsera, anangomva pakamwa pake pakunena mokweza:

"Otsala analira kutsidya,
mtsinje unameza mawu awo."

"Ndi yomweyo basi?" anafunsa aPhunzitsi, ngati akufunsa mwana m'kalasi. Maso anali adakali pakhoma. "Mizere iwiri?"

"Ndi yomweyo, bambo."

Anamaliza kulakatula, koma bingu lija linali litatha. Kunyumba sanadye. Anangokhala pakhonde, buku lija pamiyendo, kutsegula tsamba limodzimodzilo. Singano ankangolowa n'kutuluka, kusesa posesa kale. Kuti awafunse ngati Sipoko abwerebe mawa, mantha. Kuti amuletse Sipoko, manthanso.

Lamlungu Sipoko anabwera, atapesa tsitsi mpaka kuwala. Anamukhazika pampando wolimba uja wa pafupi ndi chitseko. Singano anaima kuseri kwa katani, khutu lili tcheru, mayi ake akumukoka diresi kuti achokepo koma nawonso akumvetsera.

APhunzitsi anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Tacheuka."

Sipoko anacheuka.

"Ndi iweyodi. Tandiuza, unadula chifukwa chiyani?"

"Bambo, ine sindinadule kanthu. Anangondiuza kuti gwira apa."

"Onse amatero." Anagogoda bukulo ndi chala. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa ana kuti ife ndife owoloka. Sindinafunsepo kuti otsala aja anali ndani, anadya chiyani, anakwatira ndani. Dzulo ndagona kutsidya, mnyamata iwe. N'kozizira."

Sipoko anangoti, "Pepani, bambo."

"Anthu akuseka mpaka liti, ukuganiza?"

"Ine mwina mpaka kufa. Ana ayamba kale kundiitana dzinalo."

"Ndiye dzulo unabwereranji, ukudziwa?"

"Singano akanaima yekha."

Kuseri kwa katani, mayi ake a Singano anamutsina mwana wawo pamkono mpaka kufuna kukuwa. APhunzitsi anatsokomola, n'kuloza mpando wa khushoni, umene ngakhale abusa amakhalapo mwa apo ndi apo.

"Khala apa. Mwanayo ndikupatsa, poti tonse awiri atipachika kale pakhoma limodzi. Koma nyumba mukapeze mbali ino ya msewu. Sindifuna kumakuwa muli kutsidya."

Singano anangokhala pansi pompo, katani n'kuthothoka naye limodzi.

Mpaka lero ana akamadutsa pamtengo paja amakuwa kuti Mdulachingwe, Sipoko n'kuwaopseza ndi pampu. AButchala anakweza mapewa moti sapatsanso moni bwinobwino. APhunzitsi ati ayamba kulemba mizere yawoyawo ya anthu otsala aja, ndipo akomiti agawikana pawiri, ena ati n'kulaula dziko, ena ati muwasiye. A Penti nawo ati apatsidwa khoma lina, la kuholo, ndipo ayambanso kuyenda mumsewu, kuyang'anitsitsa anthu m'makosi.

Nanga inu, atakuimikani mawa n'kukupatsani chingwe kuti gwirani apa, mungayambe mwafunsa kuti dzanja linalo aikamo chiyani?