Mpeni wa a Mbande

A Mbande, dzina lomwe anzawo anawapatsa chifukwa cha ntchito, anamezanitsa mitengo pa nazale imodzi kwa zaka makumi atatu. Kenako sitiroko inawalanda mphamvu m'dzanja lamanja, ndipo mpeni wawo wakale unasowa pa chipwirikiti chothamangira nawo kuchipatala. Kapitawo sanazungulire: Lolemba abwere adzamezanitse mbande khumi iye akuona. Zikakanika, malo apita kwa wina.

Loweruka anapita kusitolo ya zitsulo ndi akazi awo. Wogulitsa anayala mipeni yopinda isanu pakauntala, n'kuyamba kuitamanda ngati ana ake.

"Sungani pakamwa, achimwene," anatero a Mbande. "Mpeni umadzinenera wokha."

Anali ndi kayesedwe kawo: kutsegula ndi chikhadabo, kumvera kulimba kwa sipuling'i, kenako kumeta ubweya wa pamkono. Anatola wa chogwirira chamtengo. Chikhadabo chinalowa m'kamphako kotsegulira mpeni bwinobwino, koma chala chinangoterereka. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu unatseguka mosavuta, koma unali wagwedegwede, mtundu uja umapindikira pa zala za mwini wake. Anaukankhira kumbali. Kudwala anadwala, koma mpeni wachabechabe amaudziwabe.

"Wa kukhitchini uja sungachite?" akazi awo anafunsa chapansipansi.

"Mayi, ndikukamezanitsa kapena ndikukasenda mbatata?"

Anabwerera kwa woyamba uja. Anayesa ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kulephera kugwira chogwirira. Manyazi anawagwira, manyazi enieni, a munthu wamkulu wogonja kwa kachitsulo kotalika ngati chala. Wogulitsa mwadzidzidzi anapeza chochita ndi misomali ya kuseri kwake. Akazi awo anautenga mpeniwo, n'kuutsegula, n'kuwabwezera m'manja. A Mbande anameta pamkono, ubweya n'kuyoyoka. Unali mpeni weniweni, ndipo n'zomwe zinawawawa kwambiri.

"Ndidzakutsegulirani kunyumba, bambo," anatero akazi awo ali panjira, mpeni atagula. "Mudzapita nawo wotsegula kale. Bola musakaupinde."

Lolemba m'mawa mayiwo anautseguladi, anakulunga mbali yakuthwa ndi kansalu, n'kuwaikira amuna awo m'thumba la jekete.

Kunazale kapitawo anaima pambali, manja kumbuyo. A Mbande anasema kanthambi, n'kung'amba tsinde la mbande yoyamba. Mpeni unali wakuthwa moti unkangodziyendera. Kanthambi kanalowa m'malo mwake ndendende. Mtima unakhala pansi, ndipo vuto linayambira pomwepo.

Pa nazalepo pali lamulo lomwe a Mbande eni ake anaphunzitsa aliyense, ngakhale kapitawo yemweyo: usamange mtengo mpeni uli chitsegulire. Manja sanafunse mutu. Anagunditsa msana wa mpeni pantchafu, monga anachitira kwa zaka makumi atatu, mpeni n'kutsekeka.

Anaumva ukulira potsekeka. Anamanga mbande ija mosamala, pang'onopang'ono kuposa mmene zimafunikira, akuzunguliza pepala lapulasitiki mpaka linatha. Zinatsala zisanu ndi zinayi.

"Yachiwiri, bambo," anatero kapitawo mwaulemu.

A Mbande anatola mpeni, n'kulowetsa chikhadabo m'kamphako kaja. Akazi awo anali kunyumba.