Moni wa pachulu

Yunivesite itatsekedwa chifukwa cha korona, Enid, mphunzitsi wa Chifalansa kumeneko, anabwerera ku Thyolo kwa bambo ake, a Winston, akapitawo a pa esiteti ya tiyi. Chifalansacho tsopano Enid ankaphunzitsa pafoni. Koma netiweki ya kumeneko ndi yamwano: m'nyumba inkakana, pakhonde inkakana, inkangopezeka pachulu cha m'mbali mwa njira yopita kusikelo yoyezera tiyi.

Vuto linali njirayo. Masana aliwonse othyola tiyi ankadutsa pomwepo, madengu kumsana, aliyense ndi moni wake. Enid, timahedifoni m'makutu, pakamwa pali Chifalansa, ankangokweza dzanja. Ku Thyolo munthu wamkulu sayankhidwa ndi dzanja ngati ukuimitsa minibasi.

"Mwana wa akapitawo sukulu yamukwera m'mutu," anatero mayi Mervis, amene anayamba kuthyola tiyi Enid asanabadwe. Mawuwo anafika kunyumba iye asanafike.

"Pachulu paja usapitenso," anatero a Winston. "Anthuwa ndimagwira nawo ntchito. Wandichititsa manyazi."

Enid zinamuwawa kwambiri. Lachisanu ophunzira ake khumi ndi anayi anali ndi mayeso olankhula, ndipo wowaphonya ankayenera kubwereza chaka. Sanatsutsane ndi bambo ake, koma sanagonjenso.

Lachinayi anavala chitenje, napita kusikelo nthawi yoyeza tiyi. Anagwada, napereka moni kwa aliyense, mmodzimmodzi, mpaka mawondo anachita dzanzi. Kenako anaimbira Tamando, wophunzira wake wa ku Chitipa, nakweza mawu a foni kuti onse amve. Mtsikanayo anayankha akupuma wefuwefu. Anali atakwera phiri kusaka netiweki. Anayamba chiganizo cha Chifalansa, mawu anaduka, anayambanso, anadukanso.

"Mukumva, amayi?" anatero Enid. "Ndikachotsa khutu kuti ndiyankhe moni, mawu a mwanayu andidutsa. Mawa ndi mayeso ake. Ndilakwire inu kapena iye?"

Mayi Mervis anangopachika dengu lawo pasikelo. A Winston, amene ankalemba makilo, anayang'ana kumbali.

Lachisanu Enid anakwerabe chulu chija. Anafulatira njira, natseka maso kuti amve bwino. Ophunzira analowa mmodzi pambuyo pa mnzake. Tamando anaduka katatu, katatu konse Enid anamuimbiranso, mpaka mtsikanayo anamaliza. Nthawi yonseyi panjira panali zii, ndipo Enid anaganiza kuti anthu amunyanyala, adzera kwina.

Womaliza atatsanzika, anachotsa timahedifoni natembenuka. Panjira panali anthu oposa makumi atatu, madengu odzaza ali kumsana, thukuta lili kamukamu, tiyi akufota padzuwa. Kutsogolo kunali mayi Mervis, atatambasula mkono kuti wina asadutse.

"Ana aja amaliza onse?" anafunsa monong'ona.

"Amaliza, amayi."

"Chabwino. Tsopano mwaswera bwanji, aphunzitsi?"