Zipere za Batani

"Osamugwira pamimba, achemwali, mumupweteka. Dzanja lina pachifuwa, lina kumatako."

"Ana anga onse ndinasambitsa ndekha, ndipo ali moyo," anayankha mlongo wake wa telala. "Lero mundiphunzitse kugwira khoswe?"

"Si khoswe. Ndi mbira."

"Khoswe woduka mchira ndi khoswe basi."

Telala sanaseke. Anali atagwada pakati pa makina osokera ndi bedi, m'chipinda chomwe ankagonamo ndi kugwiriramo ntchito. Anayesa madzi a m'beseni ndi chigongono monga anamuuzira dokotala wa ziweto: ofunda pang'ono, osapitirira miyendo ya kanyamako, pansi poyala kansanza kuti kasaterereke.

Mbirayo dzina lake linali Batani. Anaitcha dzinali ndi mwana wamkazi wa telalayo, chifukwa cha timaso take takuda tonga mabatani a malaya. Banja litatha, mkazi anatenga mwana n'kukachita lendi kwina, komwe eni nyumba sankalola ziweto. Batani anatsala ndi bambo. Loweruka lililonse mwana ankabwera, kachikwama kumsana, akufuula asanalowe n'komwe, "Batani wanga ali kuti?" Moni wa bambo unkabwera pambuyo.

Kenaka zipere zinayamba. Ubweya unathothoka pamsana pa Batani, khungu n'kutuwa mbuu, iye n'kumadzikanda mpaka magazi. Mwana, amene ankakonda kumupsompsona, anatuluka chipere patsaya, ndipo kusukulu anzake anakana kukhala naye desiki imodzi. Mayi ake sanachulukitse gaga m'diwa: mwana sapondanso kumeneko mpaka chinyamacho chichire kapena chichoke.

Batani anachira, ubweya unamera, mwana anayambanso kubwera. Zipere zinabwerera. Anachiranso, zinabwereranso. Tsopano panali patapita nthawi yaitali bambo asanaone mwana wake, ndipo atapempha ndi kupempha, mayi uja anafewa pang'ono. Mwana abwere mawa lake, koma mbira aziiona ili m'khola, osaikhudza. N'chifukwa chake telala anaitana mlongo wake kuti amuthandize kusambitsa Batani, mwana asadzamupeze ali ndi nkhanambo.

Miyendo itangokhudza madzi, Batani analira kwii! kwii! n'kuphiriphitha, zikhadabo zake n'kulemba mizere padzanja la mlongo uja.

"Mayo! Kakufuna kundipha aka!"

"Musamutaye, chonde!"

Telala anamulandira. M'manja mwake Batani anauma gwa, maso ali tong'o, mtima ukugunda pazala ngati makina osokera akamathamangitsidwa. Kuuma kumeneku ndi kumene telala ankakuopa kuposa kulira. Dokotala anali atamuchenjeza kuti mbira ikhoza kufa ndi mantha okha.

"Pepa, bwanawe, pepa," ananong'ona. Anatunga madzi ndi chikhatho, n'kumathira pang'onopang'ono pamsana, kusamala kuti asalowe m'makutu ndi m'maso. Anapaka sopo wamankhwala ndi nsonga za zala. Pomwe panali chilonda, Batani ananjenjemera thupi lonse, mano ake akulira ngati wamva chisanu. Sopoyo ankafunika kukhala pakhungu kwa kanthawi, choncho awiriwo anangokhala pansi kudikira.

"Nanga adokotalawo akuti n'chifukwa chiyani sizikutha?" anafunsa mlongo.

"Akuti matendawa amabisala m'nsalu. M'bulangete, m'zidutswa, paliponse. Akuti ndichotse nsalu zonse m'chipinda chomwe amakhala."

Mlongo anamwaza maso. Pachingwe panali mayunifolomu a ana asukulu, pampando mathalauza odikira kupindidwa, pansi pa bedi matumba a zidutswa.

"Telala achotse nsalu? Ndiye muzidya singano?" Anapukusa mutu. "Achimwene, mutu ukakula sulewa nkhonya, ndinena ndithu. Kapatseni munthu wina kanyamaka. Mwana azibwera mwaufulu, nkhani ithe."

"Azibwera kudzaona chiyani?"

"Bambo ake, nanga chiyaninso?"

Telala anayang'ana thovu lomwe linali pamsana pa Batani.

"Mukuganiza kuti amabwerera ine? Ine kucheza ndi mwana sindidziwa, achemwali. Ndikamufunsa za kusukulu amangoti zili bwino. Za kunyumba, zili bwino. Koma Batani akakhala pamiyendo pake, pakamwa pamatseguka. Za aphunzitsi, za mnzake amene anamulanda pensulo, za zomwe analota, zonse. Amauza Batani, ine n'kumamvera nawo uku ndikusoka. Batani akachoka, tidzangoyang'anana ngati anthu odikira basi."

Mlongo anatenga kapu n'kuyamba kuthira madzi otsukuluza, tsopano mwaulemu, osatinso khoswe.

Atamaliza, telala anakulunga Batani m'thaulo n'kumupukuta modekha. Ubweya utanyowa, kanyamako kanaoneka kochepa ngati chibakera cha mwana, ndipo kuseri kwa khutu kunaonekera chigamba china chatsopano chomwe dzulo lake kunalibe. Telala anachiona. Ananyamula Batani n'kumugoneka paphewa, mutu utatsamira pakhosi pake, monga ankachitira nthawi zonse akamusambitsa, poti ndi pokhapo pomwe ankasiya kunjenjemera.

"Achimwene," anatero mlongo, mawu atasintha. "Tatembenukirani kuwindo."

"Bwanji?"

"Tatembenukani kaye."

Anatenga kagalasi komwe makasitomala ankadziyang'anira kumsana akayesa zovala, n'kumupatsa. M'munsi mwa khutu, pomwe kolala imathera, panali mkombero wofiira, pakati pake potuwa. Telala anali akudzikanda pamenepo sabata yonse, akuyesa kuti ndi thukuta.

Telala anaika galasi pansi.

"Ndiye kuti ngakhale ndimuchotse lero lomwe, palibe chisinthe."

"Mafuta ake amagulitsa, zimatha izi."

"Zimatha, n'kubweranso."

"Mawa valani malaya a kolala yaitali. Mwasokera anthu angati makolala? Aona ndani?"

Zinali zotheka ndithu. Koma telala anakumbukira momwe ankaperekezera mwanayo pokwerera basi: ankatopa msanga, bambo n'kumunyamula, iye n'kukoleka manja m'khosi mwawo, tsaya lake litagunda pomwepo. Anakumbukiranso desiki ija yomwe mwana wake anakhalapo yekha.

Anatenga foni n'kuimbira mayi a mwana. Anayankha ndi mwanayo.

"Ababa! Batani wamera ubweya?"

"Sanamere, amayi anga."

"Palibe kanthu, ndimuona chomwecho. Ndamusungira karoti."



"Mawa musabwere. Nanenso ndadwala matenda a Batani."



"Nanga ndibwere liti?"

Telala analibe tsiku loti atchule. Anamva foni ikusintha manja, kenaka mawu a mkazi wake wakale, osakwiya, otopa chabe.

"Tamva. Mwachita bwino kunena." Foni inaduka.

Mlongo anakataya madzi panja, natsuka beseni. Kenaka anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, n'kubwerezanso. Anali ndi adzukulu kunyumba, telala sanamuimbe mlandu. Anatsazika ali pakhomo, osapereka dzanja.

"Mudzole mafutawo, achimwene. Mukachira mundiuze."

Chitseko chinatsekeka. Telala anakhala pabedi, thaulo lili pamiyendo, akudikira kuti Batani aume, chifukwa kumubwezera m'khola ali wonyowa kunali kumupha ndi chifuwa. Panja wina anagogoda, akufunsa ngati thalauza lake latha. Telala sanadzuke.