Mkamwini Wogona Masana

Ku Chikweo munthu sakufunsa kuti uli ndi mphamvu zochuluka bwanji, amangodikira nyengo ya thonje. Ikakwana, lole ya ogula imabwera kuchokera ku Balaka, kapitawo n'kutsika, n'kutsamiritsa thabwa kumbuyo kwa loleyo, n'kuloza belo limodzi la thonje. Amene walisenza yekha n'kukwera nalo pathabwapo, ntchito yokweza mabelo ndi yake mpaka msika utatha. Amene walephera amabwerera kunyumba kukafotokoza.

Chaka chatha Che Akimu anali m'gulu la okafotokoza. Anafika pakati pa thabwa, mawondo n'kuyamba kukambirana zawozawo, belo uko, mwini wake uko. Tsono Akimu ndi mkamwini. Kwawo ndi kunyanja ku Chiuta, kuno anangotsata mkazi wake Husna. Munthu wakugwa kwawo amadzuka n'kudzisasa fumbi, koma mkamwini akagwa fumbilo amayenda nalo chaka chonse. Ndiye analumbira kuti chaka chino belo limudziwa.

Kuseri kwa chigayo kunali malo onyamulirako zitsulo. Mukamva zitsulo musaganize za pa TV zija zonyezimira, iyayi. Inali ekiselo ya galimoto yakufa kalekale, uku ndi uku atamangako zitini za penti zodzaza simenti. Mwini wake anali a Blasius a ku Nsamala, mkamwini mnzake koma wachikulire, amene analonderapo geti ku Joni n'kubwerako ndi chifuwa chokhala ngati chitseko cha mzikiti. Poti ekiselo inali imodzi, amuna ambiri, aliyense ankapatsidwa masiku ake. Akimu anagweredwa Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka.

Apa m'pamene nzeru zinamuchulukira. Anati mumtima: ngati katatu pamlungu kapatsa a Blasius chifuwa chotere, nanga tsiku lililonse? Anatuma dalaivala wina kuti amugulire paipi ku Balaka, n'kuumba zitini zake kuseri kwa nyumba. Akachoka ku mzikiti ku swala ya m'mawa, paipi. Akaweruka kumunda, paipi. Masiku ake akakwana, ku chigayo osajomba.

Poyamba zinkaoneka ngati zikuyenda. Kenaka phewa linayamba kulankhula. Tulo tinkabwera mokakamiza ngati mlendo woitanidwa kumaliro a munthu amene samudziwa. Chakudya chinasiya kukoma. Zitini zija zinayamba kulemera, mpaka Akimu anaziyang'anitsitsa pansi kuti mwina wina akuwonjezera simenti mwakabisira.

Loweruka lina ku chigayo, ekiselo imene kale ankaikweza akuseka inamukanira pamimba. A Blasius anaichotsa ndi dzanja limodzi, linalo ali ndi chinangwa chootcha.

"Che Akimu, kodi kwanu kuli chitsulo china?"

"Chitsulo chanji, achimwene?"

"Musandinamize, ine ndinalonderapo geti. Munthu wolowa ndi katundu wobisa ndimamuona akadali pamsewu. Mukunyamula kangati?"

Akimu anayang'ana zala zakumapazi. "Tsiku lililonse. Kawiri."

"Mayo ine! Ndiye mwabwera ndi maliro anu omwe." A Blasius analuma chinangwa. "Tamverani. Chitsulochi sichimanga thupi, chimagumula. Mmisiri womanga amabwera inu mutagona. Tsono inu kugumula m'mawa, kugumula madzulo, mmisiri akafika akukupezani mukadali ndi nyundo m'manja, n'kubwerera. Mumayesa masiku aja ndinagawa chifukwa ekiselo ndi imodzi basi? Ngakhale zikanakhala khumi, ndikanagawabe."

"Nanga lole ili pafupi kubwera, nditani?"

"Mlungu uno musakhudze kanthu, khasu lokha m'mawa. Masana gonani. Idyani nandolo, matemba akwanu aja aitanitseni. Kenaka mubwerere pa masiku anu atatu, osapitirira. Phewa likadandaula, awiri. Likapitiriza, mukaonetse kuchipatala, ine si dokotala."

"Kugona masana? Pakhomo pa apongozi?"

"Eetu," anatero a Blasius. "Belo lenileni ndi limenelo."

Ananena zoona. Kuno mkamwini akaweruka kumunda amayenera kuoneka ali ndi kanthu m'manja: kaya akusema mpini, kaya akukonza nkhokwe yosaonongeka, bola asaoneke atatambalala. Ngakhale paipi ija apongozi ake, Abiti Mahmudu, ankaipirira, poti munthu wotuluka thukuta sanenedwa. Koma Lolemba masana Akimu anayala mkeka pansi pa mtengo wa mango, n'kugona chagada, dzuwa likali pamutu, anthu akupita kumjigo.

Apongozi ndi mkamwini salankhulana maso ndi maso, ulemu suloleza. Ndiye Abiti Mahmudu anatuluka ndi lichero la madeya n'kuyamba kucheza ndi nkhuku.

"Idyani, ana anga, idyani. Inu bola mumaikira mazira. Ena pano amangodya matemba n'kuyeza mkeka ngati ndi wautali."

Akimu anatseka maso.

Tsiku lotsatira nkhuku zinauzidwa kuti ku Chiuta anthu amagona masana chifukwa nsomba zimalowa zokha m'bwato. Tsiku linalo zinamva kuti mwana wa Abiti Mahmudu anakanapo mwamuna wa njinga yamoto. Amayi opita kumjigo anayamba kudzera njira ya pakhomopo, ngakhale ndi yozungulira. Wina anafunsa Husna mokweza kuti, "Odwalawo adzuka bwanji?"

Lachinayi mawu anafika pafupa. Apongozi anauza tambala kuti chaka chino belo silivutika n'kugwetsa munthu, limupeza atagona kale. Akimu anadzambatuka. Anapita kuseri kwa nyumba kuti akweze paipi ija mpaka mudzi wonse uone. Anapeza Husna atakhala pa chitini chimodzi, akusenda nandolo.

"Tasunthani."

"Iyayi."

"Simukumva zimene akunena amayi anu?"

"Ndamva. Ndakhala ndikuwamva chibadwire." Husna sanadzutse n'komwe mutu. "Koma ine ndimagona nanu nyumba imodzi. Mwayamba kupeza tulo, mbale mukuipukuta, phewa mwasiya kuligwiragwira. Mukufuna kusangalatsa tambala kapena kukweza belo?"

Akimu anaima pamenepo manja akumuyabwa. Kunyamula kukanakhala kosavuta, ndikukuuzani. Aliyense wopsa mtima amanyamula. Koma mwamuna uyu anatembenuka, anadutsa pabwalo apongozi akuona, amayi akumjigo akuona, n'kukagonanso pamkeka paja, n'kudziphimba kumaso ndi kofiya. Ine ndaona amuna akukoka bwato m'matope ku Chiuta, koma mphamvu ngati imeneyo sindinaione.

Mlungu utatha anabwerera ku chigayo. Ekiselo inakwera ngati yaiwala mkangano uja. Anatsata masiku ake atatu, pakati pake n'kumapuma, ndipo lole itatsala pang'ono kufika a Blasius anamuletsanso kukhudza chitsulo. Paipi ya ku Balaka Husna anaisandutsa choyanikapo zovala.

Tsiku la belo anthu anadzaza pamsika, ambiri mwa iwo atabwera kudzaona kugwa kwachiwiri. Kapitawo anamuzindikira.

"Aa, si inu munandithyolera thabwa chaka chatha?"

"Silinathyoke, bwana. Ndinathyoka ndi ine."

Anthu anaseka. Akimu anati "Bismillah", anawerama, amuna awiri n'kumupendeketsera belo kumsana monga mwa lamulo. Anadzuka nalo. Anaponda thabwa. Pakati paja, pamene mawondo anamugulitsira chaka chatha, thabwa linapindika. Iye anangopuma mpweya umodzi n'kupitirira, phazi ndi phazi, mpaka belo linati phi! m'lole, fumbi la thonje n'kuuluka. Husna anaimba nthungululu mpaka mpango unagwa.

Anzake amene anapambana anayamba kudzionetsa, uyu kubwereza belo lachiwiri, uyu kukwera nalo chothamanga. Akimu anatsika n'kukakhala pamthunzi wa lole pafupi ndi a Blasius, amene anamupatsa theka la chinangwa.

"Inu a pamthunzi," anaitana kapitawo, "anzanu akubwereza. Tanyamulani lina tione ngati sinali ngozi."

"Mwaona kale, bwana," anayankha Akimu akutafuna. "Linalo ndinyamula mawa, pantchito."

Kapitawo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenaka anaseka n'kupukusa mutu.

"Mulawire," anatero. "Mabelo ndi ambiri."