Dzimbiri la Che Zubair

Anthu ena akapita ku Joni amabwerako ndi galimoto, ena malata, ena mkazi wachiwiri. Che Zubair anabwerako ndi matenda a njinga. Kumeneko ankagwira ntchito m'shopu yokonza njinga, ndipo anaona ndi maso ake anthu ovala bwino akulimbirana njinga zakale, zosuluka penti, ngati nyama ya pa Idi. Atabwerera kuno ku Domasi anayamba kutola: pa kaunjika ku Zomba, kuseri kwa nyumba za aphunzitsi opuma ku Mishoni, ngakhale kudzala. Njinga zakuda zonyamulira makala zija analibe nazo ntchito. Iye ankasaka mauteni, njinga zakale za m'mapiri za matayala onenepa, ndi tinjinga ta BMX, tija tomwe munthu wamkulu akakwera maondo amapatsana moni ndi chibwano.

Vuto linali lakuti Che Zubair anali mkamwini. Nyumba, bwalo, mtengo wa mango pamodzi ndi mthunzi wake, zonse zinali za mkazi wake, Abiti Nasser. Ndiye njinga zitadzaza chipinda cha alendo mpaka kudenga, ukwati wa mwana wawo Hafsa uli pafupi, mayiyo anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a Hafsa, alendo a ku Machinga adzagona pa masipoko?"

"Amayi, chimenechi ndi chuma. Ku Joni..."

"Kuno ndi ku Domasi. Tamverani. Loweruka madzulo kukubwera ogula zitsulo aja ndi sikelo yawo. Asanafike, munthu wamutu wabwinobwino agule njinga imodzi yokha, ine ndikuona. Akagula, zikhala. Akapanda kugula, zonse pa sikelo, limodzi ndi mapoto anga obooka."

Che Zubair sanatsutse. Mkamwini amatsutsa ali panjira, osati pabwalo. Anatenga foni n'kujambula njinga yomwe ankainyadira kuposa zonse, ka BMX kofiira. Kameneka anakasamalira ngati khanda: tcheni anachapa ndi palafini, malimu anawongola sipoko ndi sipoko, koma penti sanamukhudze. Anali wosuluka ngati tomato wa dzana, zomata zake zitayamba kumatuka m'mbali. Chithunzicho chinayenda m'magulu a pa foni mpaka chinafika kwa mayi wina wa ku Blantyre, dzina lake Dyna, yemwe amakwera phiri la Zomba pa njinga ndi anzake, mwadala, popanda womuthamangitsa. Mayiyo anati abwera Loweruka masana.

Loweruka m'mawa Che Zubair anakwera minibasi kukasaka waya wa buleki ku Zomba, kuti pobwerera adikire mlendoyo pa siteji ya Songani. Tiyi anamusiya theka, ndipo Abiti Nasser anaona. Mayiyu pakamwa ndi tsabola, koma mumtima sankafuna kuona mwamuna wake akuperekeza njinga zake ku sikelo ngati maliro. Anayang'ana ka BMX kaja katatsamira khoma, kokalikakalika, n'kugwira pakamwa. Mlendo achoke ku Blantyre konse kudzaona chimenechi? Ngakhale mbuzi yopita kumsika amayamba aikhutitsa. Anatumiza uthenga kwa mchimwene wake Jabir, wowotcherera zitsulo.

Jabir anaizungulira njingayo akupukusa mutu.

"Alamu anga ndi munthu wabwino, achemwali, koma malonda sawadziwa. Njinga yopanda kaliyala ndi chidole. Thumba la mpunga likhala pati? Mwana wodwala akhala pati? Isiyeni m'manja mwanga."

Mwatsoka, tsiku limenelo magetsi sanazime. Jabir anawotcherera kaliyala wa zitsulo za pawindo, woti n'kunyamula ng'ombe. Zomata zija anapala ndi sandipepa mpaka mbee. Anapaka penti wobiriwira wotsala pa chitseko cha golosale, anamanga kushoni wa mphonje, ndipo kumbuyo anapachika chikopa cha labala cholembedwa kuti WANSANJE ADZATOPA. Anakana ngakhale nkhuku yomwe mchemwali wake anamugwirira.

Masana galimoto ya Dyna inaima pansi pa mango. Che Zubair anatsika akulongosola ndi manja onse awiri.

"Penti wake ndi wa kufakitale, mayi, sanakhudzidwepo chipangidwire. Muona nokha. Amayi a Hafsa, njinga ija ili kuti?"

"Ndi iyo," anatero Abiti Nasser, akuvundukula chitenje monyadira.

Che Zubair anayang'ana. Anayang'ananso. Kenako anakhala pansi, pa dothi, atavala buluku lake la Lachisanu.

"Alamu," anatero kwa Jabir, yemwe anali ataima pambali, ndi mawu a munthu wotsitsimuka kumene, "ndinakulakwirani chiyani?"

"Musathokoze, alamu," anayankha Jabir. "Ndi zapachibale."

Dyna anakhudza felemu ndi chala, chala n'kubwerako chobiriwira. Anayesetsa kudzigwira, koma phwete linamupulumuka, mpaka anatsamira galimoto.

"Pepani, amayi, sindikuseka inu," anauza Abiti Nasser akupukuta misozi. "Ntchitoyi ndi yolimba ndithu. Koma ine ndimafuna penti wakale uja, ndi zomata zija, ndi mabala ake onse. Zimene zija ndiye umboni kuti njingayo ndi yeniyeni. Apa tsopano yasanduka ya kabaza wa ana."

"Mumafuna yokalika?"

"Yokalika yomweyo."

"Ndipo mutu wanu uli bwinobwino?"

"Kuntchito amati uli bwino."

Che Zubair anadzuka n'kulowetsa mlendo m'chipinda muja. Anatulutsa iyi, anatulutsa iyo. Dyna anaziyamikira, koma ina anali nayo kale yotero, ina inali yaitali, ina inali yosweka pakhosi. Chapatali, cha kumsewu wa Liwonde, kunayamba kumveka mawu: "Zitsulooo! Zitsulo zakuthaaa!"

Dyna anatulutsa makiyi a galimoto.

"Iyayi," anatero Abiti Nasser. "Malonda akanika, koma pakhomo pano mlendo sachoka kukamwa kuli gwa. Anthu adzati chiyani? Khalani apa."

Anamuyalira mphasa pansi pa mango, n'kubweretsa thobwa ndi zitumbuwa. Mphasayo inayang'ana kukhola la mbuzi. Dyna anamwa kamodzi, kachiwiri, kenako kapu inaima m'malere.

"Chitseko icho n'chiyani?"

"Cha mbuzi," anatero Abiti Nasser. "Tonde anathyola chathabwa, ndiye ndinasolola chitsulo chimodzi pa mulu wa bambowa. Sanazindikire n'komwe."

"Ndinazindikira!" anakuwa Che Zubair. "Ndinaisaka mpaka ndinakayikira ana a eni ake! Mumandiona ndikugwada pansi pa bedi, inu muli phee?"

"Munandifunsa?"

Dyna anali atafika kale kukhola. Anagwada pa zitosi osasamala buluku lake, akupukuta chitsekocho ndi chala. Inali felemu ya mauteni, yopanda matayala, yomangidwa ndi mawaya ku nsanamira. Pansi pa fumbi panatulukira penti wachikasu ndi dzina la wopanga, lofufutika koma lowerengeka.

"Che Zubair, mukudziwa chimene mwatsekera mbuzi?"

"Ndikudziwa, mayi. Onani molumikizira mwakemo, mosalala ngati sopo. Imeneyo anapanga ndi manja, njinga za m'mapiri zitangoyamba kumene. Ndinaipeza kwa mbusa wina wopuma atayanikapo matawulo."

"Ndakhala ndikusaka yotereyi mpaka ndinataya mtima."

Jabir anasendera pafupi, chitini cha penti chili m'manja. "Wotsala alipo. Ndiipake pang'ono kuti ioneke bwino?"

"Ayi!" anakuwa onse atatu, mpaka tonde anadzidzimuka.

Che Zubair anakonza kukhosi kuti ayambe kunena mtengo, koma mkazi wake anamugwira phewa.

"Bambo a Hafsa, njinga zanu zili m'nyumba. Ichi ndi chitseko changa."

Anamutengera Dyna kuseri kwa nkhokwe. Zomwe anakambirana kumeneko palibe anamva, koma amene anagulapo mpunga kwa Abiti Nasser pa Songani akudziwa kuti mayiyu amakuseketsa mpaka umalipira ukuthokoza. Pobwera, Dyna anali akupukusa mutu uku akuseka, ndipo mfundo ya pa chitenje cha Abiti Nasser inali itanenepa. Felemu inakwera galimoto, itakulungidwa m'bulangete ngati wodwala. Dyna analonjeza kuti abwera ndi anzake okwera phiri aja, koma anachenjeza kuti Jabir asayandikire chipinda chija.

Fumbi la galimoto lisanathe, ogula zitsulo analowa pabwalo ndi sikelo yawo. Che Zubair anaima pakhomo pa chipinda cha njinga chija.

"Amayi, nanga chigamulo? Paja chomwe chagulidwa ndi chitseko, osati njinga."

Abiti Nasser anamusiya kaye kuti aphike. Anatulutsa mapoto obooka, mmodzimmodzi, mosafulumira. Wogula wina anaona handulo yadzimbiri pakhonde n'kutambasula dzanja. Mayiyo anamumenya ndi chipande pa zala.

"Siya! Ukudziwa mtengo wa dzimbiri iwe? Kuno si kudzala."

Che Zubair anaseka mpaka chisoti chinagwa.

"Nanga alendo a ku Machinga?" anafunsa.

"Akagona kwa Jabir. Ali ndi malo, ndiponso ali ndi mlandu."

Panatsala nkhani ya mbuzi, zomwe zinali zitayamba kale kusuzumira kudimba la anthu. Che Zubair anayang'ana khola lopanda chitseko, anayang'ana ka BMX kobiriwira, kenako anayang'ana mlamu wake.

"Alamu, bweretsani waya. Ntchito yanu yapeza malo oyenera."

Anakamangirira pakhomo pa khola pomwepo, chikopa cha WANSANJE ADZATOPA chitayang'ana kunjira. Kaliyala uja tonde wamuyesa ndi nyanga kangapo, wakanika. Kushoni yekha ndiye sanafike pa ukwati wa Hafsa: mbuzi zinadya, kuyambira mphonje.