Magazi a Linthumbu pa Simenti

Ine pabwalo sindidziwa chisoni. Anzanga a mpira wa basiketi wa pa zikuku amanditcha Chiphwanya, ndipo dzinalo sindinalitole m'njira. Miyendo inandikana ndili kamtsikana, koma mapewawa musawayese.

Tsikulo tinkasewera ndi timu ya mtsikana wina wowonda, waliwiro, wotchedwa Linthumbu. Bambo ake, ogulitsa nyama, chimunthu cha manja ngati mafosholo, anakhala pa benchi ya kutsogolo nkhope ili gwa. M'holomo tonse tinkadziwa nkhani yake. Chichitireni ngozi, mwanayo ankamusunga m'nyumba ngati dzira, ndipo anamulola kusewera pa pangano limodzi: akadzangoona dontho la magazi, za mpira zathera pomwepo.

Kochi wathu anandinong'oneza, "Mtsikana uyo umupewe lero."

Kumupewa? Munthu woti wandilanda kale mpira n'kundisekanso? Asa!

Anabweranso ali liwiro, mpira uli pamiyendo. Ndinamutsekera njira. Phwaa! Zitsulo zinalira, gudumu lake linakwera pa langa, chikuku chake n'kugubuduzika. Poti timadzimanga malamba, anagwa nacho limodzi, chibwano pa simenti. Magazi chuchuchu.

Wezulo isanalire n'komwe, bambo aja anali atandipeza. Khofi loyamba linanditseka khutu. Lachiwiri linandigwetsa ndi chikuku chomwe.

"Mfiti iwe! Ukufuna um'tsirize?" anakuwa atandigwira tsitsi.

Ndinawaluma dzanja mpaka ndinamva mchere m'kamwa. Woyimbira mpira anati aleretse, analandira chigongono pamphuno. Mtima unandiwawa, osati chifukwa cha makofiwo, koma poti ndinadziwa kuti mtsikana uja ndam'bwezera kuchipinda.

Bambowo anandisiya n'kuwerama kuti anyamule mwana wawo. Pabwalo pathu wogwa sadzutsidwa asanapemphe. Iwo sankadziwa.

"Ababa, chotsani manja!" anatero Linthumbu.

"Mwanawe, ukutaya magazi. Tiye kunyumba."

"Kunyumba aliyense amandigwira ngati ndisweka. Uyu yekha ndiye wandigunda ngati munthu, ndiye inu mukum'menya?"

Linthumbu sanadikire yankho. Anatsamiza zikhatho pa simenti n'kukankha. Dzanja linaterereka pa magazi ake omwe, anagwanso, chibwano chomwecho. Bambo aja anabuula, koma manja anawabisa kumbuyo. Mtsikanayo anakukuta mano, mitsempha ya m'khosi ili panja, anakankhanso, chikuku n'kuima pa magudumu ake. Khu!

Bambowo anayang'ana chikwama cha mwana wawo pa benchi, chomwe akanachitenga ndiye kuti kwatha. Anaima nthawi ndithu. Kenako anatola mpira n'kumuikira pamiyendo.

Anatembenukira kwa ine, ndili chigonere. "Nanga inu, mayi, ndikudzutseni?"

"Wakupemphani ndani?" ndinawayankha, n'kudzuka ndekha.

Woyimbira, thonje lili m'mphuno, anawatulutsa bambo aja m'holomo. Linthumbu anamatidwa pulasitala pachibwano, masewero n'kuyambiranso. Nditangogwira mpira, kamtsikanako kanandilowa m'nthiti ndi chikuku chonse. Ndinauluka. Dzino lakutsogolo mukuliona kuti palibeli linatsala pa simenti pomwepo.

Ndili pansi, ndikulavula magazi, ndinamva chimawu pa windo chikugwedeza magalasi.

"Eyaa! Ameneyo ndi mwana wanga! M'patsenso!"