Getsi la pa Thanki ya Mbuna

Getsi lachubu la pa thanki ya nsomba linayamba ndi kuphethira, kenako kulira ngati njuchi, mapeto ake linathima osayakanso. Linasankhanso nthawi yoipa, mwini loji ali ku Lilongwe. Thankiyo inali mu bala ya loji ina ku Kande, yagalasi, yaitali ngati bedi, yodzaza miyala ndi mbuna zabuluu ndi zachikasu zomwe alendo ankazijambula asanaitanitse n'chakumwa chomwe. Woisamala anali Dainess. Nsombazo n'zomwe zidamuchotsa pa ntchito yokolopa zimbudzi, ndipo Madamu, mwini lojiyo, adamuuza mosapsatira kuti zikadzafa, geti ndi lomwelo, ngakhale kuzimbudziko sadzabwererako.

Atawaimbira foni, Madamu anangoti, "Sankha wekha getsi lina, nsombazo ndi zako."

A Mathews, manijala wa lojiyo wochokera ku Ntcheu, ankafuna chubu china cholowa m'chivindikiro chakale, nkhani ithe. Koma wa sitolo ku Chintheche anamuonetsa Dainess getsi la LED, kamtanda kopyapyala kowala mbuu, losatenthetsa madzi, losaphethira, loyaka ndi batire ya sola magetsi akazima. Chilema chake chinali chimodzi: silinkalowa m'chivindikiro. Linkaima pa timiyendo take pamwamba pa madzi, thanki ili yosavindikira. Dainess analitenga lomwelo.

"Ndiye chivindikiro mwachitaya?" anafunsa a Mathews.

"Ndachisunga kustolo, bwana. Nazo nsomba zipitidweko mphepo."

"Chabwino. Koma ine ndanena."

A Mathews anali munthu woti ngakhale mvula igwe, amati ananena, choncho Dainess sanawalabadire. Ndipo kunena zoona getsilo linakongoletsa thanki. Mbuna zinaonetsa mizere yomwe sinkaoneka kale, alendo nkumaunjikana pagalasi. Dainess anayamba kuyenda mwamatama mu balamo, ndipo sitingamudzudzule, munthu amene zaka zonsezi ankangomuona msana ali chiweramire ndi chikolopa.

Tsiku lina chakumasana, kutali pakati pa nyanja kunadzuka chinthu chakuda, chowongoka ngati utsi. A Mathews anaima pakhonde nkufunsa ngati boti likupsa. Dainess anaseka mpaka kugwira m'mimba. Zinali nkhungu, tizilombo tija touluka tonga udzudzu koma tosaluma, totuluka m'madzi miyandamiyanda. Mphepo inkazikankhira kumtunda pang'onopang'ono. Mbalame zinakhala chete. Dzuwa linayamba kufiira ngati lodwala.

Kumpanda kunamveka mawu a Iness, mlamu wake wa Dainess. "Ama, lichero! Zikubwera konkuno!"

Munthu wobadwira ku Kande saonerera nkhungu manja ali m'chiuno. Ndi ndiwo zimenezo. Amayi amanyowetsa malichero nkumawazunguza m'mwamba, tizilomboto nkumamatirira, kenako amatiumba timibulu, kukulunga m'masamba a nthochi, kuphika nkuyanika. Dainess anatsomphola lichero la kukhichini nkuliyatsa liwiro. Mawindo a bala anawasiya chitsegukire. Kunja kutada bii ndi nkhunguzo, chowala m'nyumba yonseyo chinatsala chimodzi chokha, getsi lija.

Pobwerako, tsitsi ndi nsidze zili bii, anapeza pamwamba pa madzi a m'thanki pataphimbika ngati ayalapo bulangete. Zina zinali kugwerabe, kuzungulira getsi nkuthera m'thanki. Mbuna zinkalimbirana, kukhwithula, kumira, kubweranso.

Apa mpomwe Dainess anaphonya, ndipo anaphonya mokondwa. Iye adakula akumva kuti nsomba za m'nyanja zimanona ndi nkhungu, ndipo sizinali zabodza. Anagwedezeramonso zotsalira za m'lichero.

"Idyani anzanga, lero ndi phwando."

A Mathews ankatseka mawindo akutsokomola, mpango uli pamphuno. "A Dainess, vuulanimo zinyalalazo."

"Zinyalala? Ndi ndiwo zawo izi, bwana. Inu akumtunda mumadziwa mbatata basi."

Poweruka anamva kapampu kamene kamazunguza madzi m'thankimo kakulira mwachilendo, ngati munthu wotsamwa. Anaima pakhomo kanthawi. Koma kunyumba nkhungu zinali kudikira moto, ndipo Iness anali atamuitana kale kawiri. Getsi analisiya loyaka monga mwa masiku onse, kuti alendo aziona nsomba pakudya.

M'mawa mwake chinamulonjera ndi fungo, asanatsegule n'chitseko chomwe. Kapampu kanali zii, kataphimbika ndi nkhungu zoola. Madzi anali ngati otsukira mbale. Nyanja imameza chilichonse chifukwa ndi yaikulu, koma thanki ndi mtsuko chabe, ndipo zomwe nsomba zinalephera kudya zinaolera momwemo nkuzimana mpweya. Mbuna zinali zitayandama mimba m'mwamba, mtundu utazilala, getsi likuziwalira bwinobwino kuti aone iliyonse. Anachita mantha, anachitanso manyazi, ndipo manyaziwo ndi omwe anamuwawa koposa.

A Mathews anafika kumbuyo kwake. Ulendo uno sananene kuti ananena, ndipo zimenezo zinamuopsa kwambiri Dainess.

"Madamu ananyamuka m'mamawa," anatero chapansipansi. "Adutsa kale pa Dwambazi."

Kenako analoza pakona. Pansi pa mwala panali kambuna kamodzi kachikasu, kakutsegula kukamwa nkutseka.

"Kapulumutseni ako. Akaona kuti sizinathe zonse, mwina mtima wawo ugwa."

Dainess anathamangira kunyanja ndi beseni, kutunga madzi oyera, kubwera nkukavuula kansombako ndi manja ake. Kanayendako pang'ono m'besenimo. Iye anapemphera chamumtima. Zakufazo sanazikhudze, nthawi panalibe. Ananyamula beseni nkukaima pageti, kuti chinthu choyamba chomwe Madamu aone chikhale chamoyo.

Anaima pamenepo mpaka mikono inachita dzanzi. Patali, pa msewu wafumbi wochokera ku msewu wa tala, galimoto yoyera inakhota. Anayang'ana m'beseni. Kansomba kanali katapendekeka. Anakadzutsa ndi chala, kanaima pang'ono, nkupendekekanso. Mlonda anayamba kukoka geti, ndipo Dainess anangosiya chala chake m'madzimo, chitakagwiriziza kuti kaoneke ngati kakusambira.